Mphuno Mazana Atatu pa Ukwati wa Wadha

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Nthambi Yochenjeza Anthu za Chifuwa cha Ngamira,

Bwana, pepani kuti woweta ngamira wamba ngati ine ndikudyereni nthawi. Sindinabwere ndi dandaulo, koma zikomo yekhayekha.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kafukufuku wanu. Tinamva pa wailesi kuti mwa anthu khumi aliwonse, asanu ndi anayi akuwadziwa bwino matendawa. Tinasangalala kwambiri. Kenaka tinamva kuti munafunsa anthu m'masitolo ozizira a mumzinda, momwe ngamira amangoiona pa botolo la mafuta onunkhira. Wakhumi wosadziwa uja, Bwana, ndife. Tili kuno kumakola, sitinasamuke.

Chachiwiri, zikwangwani zanu zochenjeza zija zinafika. Nsalu yake ndi yolimba, ndipo mwana wa ngamira yanga akupezapo mthunzi wabwino. Mawu ake tinapita nawo kwa aphunzitsi, nawonso anapempha masiku awiri kuti awamvetse. Akuti mukunena kuti mkaka tiziwiritsa, ndipo moni wogunditsana mphuno tiyambe tausiya.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha chithunzi chanu cha m'nyuzipepala, chija munajambulitsa ku mpikisano wa ngamira. Thovu la mkaka wongokamidwa kumene lili mbuu pa ndevu, mphuno yanu ili pa mphuno ya mwini ngamira yopambana. Munaoneka bwino zedi. Asewere anga a Mutlaq amayenda nacho m'thumba.

Lachisanu lino mwana wanga Wadha akukwatiwa ndi mwana wawo. Kudzabwera amuna mazana atatu, ndipo aliyense adzagunditsa mphuno yake pa ya bambo anga a Dhafir, poti ndiwo aakulu pakhomo. Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, komanso matenda a shuga. Woyamba pamzere adzakhala a Mutlaq, amene chibwerereni kumsika wa ngamira akutsokomola ngati galimoto yokana kulira. Nditawapempha kuti moni ukhale wa dzanja pachifuwa, anangotulutsa chithunzi chanu n'kunena kuti: "Asewere, mwayamba kudziwa kuposa boma? Kapena mphuno zakwathu zikununkha?"

Ndikaumirira, ukwati watha, ndipo Wadha sadzandilankhulanso. Ndikagonja, ndikuopa kuti hema lomwe takhomera ukwati tidzalandiriramo anthu odzapepesa maliro. Ndili ndi mantha, Bwana, sindikubisirani.

Pempho langa ndi laling'ono. Bwerani ku ukwatiwu, mudzakhale mlendo wolemekezeka. Mpando wa bambo anga tausungira inu, iwo adzapuma m'nyumba. Palibe amene angakhumudwe kupeza mphuno ya boma m'malo mwa ya nkhalamba. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye tikukhulupirira kuti mphuno simungazilewenso. A Mutlaq amva, akondwa, ndipo alonjeza kukukamirani okha mkaka wa ngamira yawo yomwe ili ndi chimfine.

Chophimba kukamwa musavutike kunyamula. Pachithunzi paja munalibe.

Ine wantchito wanu wosadziwa kanthu,

Hizam bin Dhafir
Wakhumi uja