Tiyi Wonunkha wa a Don Evaristo

Kuno ku Matanzas, mukafunsa za munthu amene ankafulula tiyi koma osagawirako ngakhale mlendo, aliyense akulozerani nyumba yathu yosanjayi. Malemu a Don Evaristo Quiñones amenewo. Tiyi wawo sanali wa anthu ayi, anali wa dothi la maluwa a m'nyumba.

Ankamanga manyowa a nyongolotsi m'sokosi yakutha n'kuviika m'ndowa ya madzi ku bafa. Kapampu kamene kale kankapatsa mpweya nsomba zawo za m'galasi ankakaponya momwemo, madzi n'kumangobwata osatentha. Pomaliza ankathiramo mafuta a nimu osakaniza ndi sopo pang'ono, poti popanda sopo mafuta amangoyandama. Koma fungo lake, abale! Adyo wowola ali bwino.

Tsiku lina kunabwera bambo wofufuza udzudzu m'nyumba.

"Madala, madzi ongokhala ngoletsedwa."

"Ongokhala? Tayang'anitsitsani. Madziwa akuvina kuposa inu ndi akazi anu!"

Bamboyo anatuluka atagwira mphuno, ndipo khomo limenelo sanagogodeponso.

Vuto lina linali loti tiyiyo ankamusunga m'mabotolo a mowa wa ramu. A Nicanor, mnzawo wa masewera a domino, analiona botolo pawindo tsiku lina, mtima n'kudumpha. Anadontheza kaye pansi kuti mizimu ilawe, monga timachitira tonse, kenako n'kupendeketsa pakamwa. Analavula mpaka pakhoma.

"Achimwene, mwandipha!"

"Simufa, mbala inu. Koma mwatha chakudya cha maluwa anga, ndiponso mizimu mwaipalamula."

Tinkawaseka, osabisa. Kuseka kunatha pa nkhani ya mtengo wa a Doña Obdulia, mayi wamasiye wa pamwamba pathu. Mwana wawo Reinier anadzala njere ya ndimu m'chitini asanawoloke nyanja, ndipo chichokere sanabwerenso. Mtengowo unakulira m'theka la mgolo pawindo la pabalaza, ndipo mayiwo ankaulankhula ngati ndi mwanayo. Ndiye chaka china dothi lake linayamba kutulutsa tintchentche takuda tosawerengeka, masamba n'kumayoyoka.

A Doña Casilda, oyandikana nawo khomo, pakamwa sankasungapo mawu.

"Tintchentcheti tikugwera mu khofi! Tikugwera mu nyemba! Chimtengochi chipite kumsewu!"

Nyumba yonse inavomereza, ine ndemwe. A Obdulia anangokhala pansi n'kuyamba kulira. Apo ndi pomwe a Evaristo anakwera masitepe, botolo m'khwapa ngati msilikali. Anapisa chala m'dothi, chala n'kutuluka chili chonyowa.

"Mayi, mumathirira kangati?"

"M'mawa ndi madzulo. Nanga ndiumane madzi?"

"Mwaukonda mpaka kuumiza! Touluka tija si kanthu. Adani ndi timphutsi tawo tikudya mizu pansipa, ndipo chinyezi ndiye kwawo. Nimu atitseka pakamwa, manyowa adzutsa mizu. Inu manja kumbuyo mpaka dothi liume pamwamba."

Anakhuthula botolo lonse. A Casilda anathawira pakhonde akutsokomola.

"Bola tintchentche tomwe tija!"

"Pirirani mpaka mwezi uthe, mayi. Zikakanika, mgolowu ndiusenza ndekha, inu n'kukhala pamwamba pake."

Ankabwera ndi botolo latsopano dothi likangouma, n'kumaopseza a Obdulia kuti akawapeza ndi jagi awalanda. Tintchentche tinayamba kuchepa, kenako ziii. Kunsonga kunatuluka timasamba tonyezimira. Mtengowo utachita maluwa, a Obdulia anaitana nyumba yonse kuti idzaone, ndipo ife amene tinkati utayidwe tinalowa mitu ili pansi.

Ndimu loyamba litapsa, a Evaristo analinyamula m'mwamba n'kuyenda nalo khomo ndi khomo, malaya oyera atavala, akufuula kuti, "Gwadani, osakhulupirira inu!" Pa khomo la a Casilda anagogoda kawiri konse. Mawa lake ndinawaona ndi maso angawa mayi aja akutuluka kwa a Evaristo, botolo atalibisa m'thumba la buledi. Maluwa awonso anali ndi tintchentche, kungoti sankanena.

A Evaristo anatisiya nyengo yamvula yapitayi. Kapampu kaja kanakhala chete, ndipo masitepe tsopano amanunkhira sopo wokolopera. Ine sindikuzolowera, ndimawasowa akulu aja.

Tsiku la maliro, titabwerako kumanda, tinasonkhana kwa a Obdulia. A Nicanor anatsegula ramu weniweni kuti adonthezere mnzawo, koma mayiwo anawagwira dzanja.

"Amenewo zawo si izi."

Anatenga botolo lomaliza limene malemu anawasiyira n'kulikhuthulira pa mtengo wa Reinier. Fungo linadzaza pabalaza, loipa kuposa kale lonse, ife kuseka misozi ili mbwee. Ndinanyamuka kuti nditsegule windo.

"Lisiyeni," anatero a Casilda. "Akhale nafe kaye."