Mwini Wake wa Matemba

Lolemba

Nkhawa yadzuka ine ndisanadzuke. Ndi ija ya aliyense amene anagwirapo cholembera ali mnyamata: kodi zimene tinalemba zidzakwiriridwa nafe limodzi?

Wayiutsa ndi Abiti Amidu, mwana wa mnzanga wakale Che Amidu. Waimba foni kuchokera kwa Mposa. Akuti chiwagwireni sitiroko bambo ake akulankhula movutikira, ndipo pa mawu ochepa amene akutuluka, ambiri ndi akuti iwo anali mlakatuli ku yunivesite ku Zomba. Zidzukulu zikuseka. Zimawadziwa ngati agogo a geni ya matemba a ku Chiuta, basi. "Aphunzitsi, ngati n'zoona bwerani mudzawauze anawa. Ngati ndi matenda, mutiuzenso."

N'zoona! Che Amidu sanamalize sukulu chifukwa bambo awo atamwalira anabwerera kumudzi, koma anali nafe m'kagulu ka alakatuli zaka za m'ma 1970. Tinali ndi magazini yathu, Lichero. Tinkaisindikiza pa sitensulo: taipi imaboola zilembo pa pepala la phula, pepalalo umalikulunga pa makina, n'kumapukusa ndi dzanja mpaka inki ifike m'zigongono.

Kope limodzi ndili nalo m'sutikesi. Mphemvu zadya m'mphepete, koma ndakatulo imene Che Amidu akulirira ilipo yonse, "Matemba pa Thandala":

Tayanikidwa pa thandala, kukamwa yasa,
dzuwa likutifunsa mafunso, ife chete.

Aliyense ankadziwa kuti si za nsomba.

Pulani:
- fotokope
- dzina la Che Amidu pansi pake, zilembo zazikulu
- Loweruka kwa Mposa, kukawerenga pamaso pa zidzukulu

Kavuto kamodzi kakang'ono. Mu Lichero sitinkalemba maina. Masiku amenewo dzina pansi pa ndakatulo linkatha kukusowetsa. Ndiye pafunika mboni. Mawa kwa a Esitere, amene ankatitaipira masitensulo.

Lachiwiri

Minibasi ya ku Liwonde. Kutentha! Thumba la malambe la munthu wina lili pamiyendo panga ulendo wonse.

A Esitere anapuma ntchito ya m'boma, pano akuweta nkhuku. Akuvala magalasi, akuwerenga mutu wokha, akutseka magazini, kenako akulakatula ndime yomaliza yonse pamtima. Ndikusangalala. Mboni ndi imeneyi.

"Zikomo achimwene, mwandibweretsera mwana wanga."

Mtima wanga myuu.

Zifukwa zawo: mayi awo ankagulitsa matemba pamsika, ndakatuloyi sanaitaipe kuchokera pa pepala la munthu koma m'mutu mwawo, ndipo chachikulu, tsiku limene tinkaikambirana iwo anakhala chete.

Ndilembe bwino apa, chifukwa ndikafa palibe adzazimvetse. Lamulo lathu linali lotere. Ndakatulo imawerengedwa yopanda dzina. Onse amaikhadzula, mzere ndi mzere, mopanda chisoni. Wolemba yekha ndiye saloledwa kutsegula pakamwa, ngakhale amunamizire. Choncho dzina silinkatchulidwa, koma tonse tinkatuluka tikudziwa: amene wakhala chete ndiye mwini wake. Komanso kukhadzulidwa unali ulemu. Ndakatulo yachabe tinkangoiombera m'manja n'kupita pa ina.

Ndikuwauza za sitiroko, za zidzukulu. Maso awo akulengeza misozi. Akundipatsa mazira oti ndikapatse wodwala. Ndakatulo ayi.

Dzira limodzi lasweka m'thumba la jekete pa Mangochi Turn Off.

Lachitatu

Mboni ina ikufunika, yosanama. Abusa a Likaka, ku Rivirivi. Nawonso anali a Lichero asanaitanidwe ku ubusa.

Wakabaza akundifunsa ngati ndikupita kumaliro, poona nkhope yanga.

Ndikuwapeza abusa akusosa m'munda. Akupukuta manja, akulandira magazini ndi manja awiri, akuti tiyambe tapemphera. M'pempheromo akuthokoza Mulungu pobweza kwa mtumiki wake chimene chinatayika. Ndikutsegula diso limodzi. Akunena ndakatulo!

Akuti nsomba ndi chizindikiro cha okhulupirira, wina aliyense sakanaiganiza. Akuti Che Amidu nsomba amazidziwa, iyayi sakukana, koma amazidziwa pozigulitsa. Akuti tsiku lija iwo sanalankhule ngakhale liwu limodzi, ndifunse aliyense.

Ndikuwakumbutsa mofatsa kuti sabata yotsatira, mphekesera zitamveka kuti akuluakulu aiona, iwo anakana pamaso pa tonse kuti sanaiwerengepo n'komwe.

"Naye Petulo anakana, aphunzitsi."

Eni ake tsopano ndi atatu. Ndabwerako ndi nandolo.

Lachinayi

Sindikutuluka. Ndakhala pakhonde ndi Lichero, kuyesa kukumbukira tsiku lija bwinobwino.

Chipinda ndikuchiona. Mabenchi, fungo la inki, zenera losatseka. Ndikuonanso chimene tonse taiwala: kumbuyo kunakhala munthu wachilendo wa jekete yakuda, amene sanali wophunzira ndipo sanali mphunzitsi. Sanadzitchule. Ndakatulo itawerengedwa palibe analankhula. Palibe! Chipinda chonse chinakhala chete mpaka belu. Ndi ndakatulo yabwino yokhayo ya Lichero imene sinakhadzulidwepo. Ndiye malinga ndi lamulo lathu, anailemba ndi aliyense amene analipo, kuphatikizapo wa jekete uja.

Ndipo pali china. Ndikawerenga mzere wachiwiri, wa dzuwa lofunsa mafunso, dzanja langa likuukumbukira. Ndikuona pensulo yanga. Ndikuona kuseri kwa pepala la mayeso a Jogalafe. Tinkabwerekana mizere ngati sopo masiku amenewo, wina ayamba, wina awonjezera pa chakudya chamadzulo, a Esitere akonza potaipa. Koma mzere umenewu ndi wanga. Mwina ndime yonse. Mwina...

Ndikuwauza mayi a kunyumba. Sakusiya n'kupeta komwe.

"Inunso?"

Akuti ngati ndinali mlakatuli, bwanji kalata zimene ndinkawalembera powafunsira zinkangonena za mitengo ya feteleza.

Che Amidu akudikira Loweruka. Ndinawalonjeza dzina.

Lachisanu

Ku fotokope m'tauni. Magetsi kulibe. Ndikudikira pabenchi pamodzi ndi anthu a makalata ofunsira ntchito.

Magetsi abwera masana. Pepala likutuluka lotuwa ngati phulusa. Inki yathu yakale makina sakuiona. Chimene chatuluka bwino ndi mabowo a mphemvu okha.

Mayi wa pasitolopo akuti angoitaipa pa kompyuta. Akutaipa mwachangu, osayang'ana n'komwe, mpaka pansi.

"Wolemba ndani, adadi?"

Anthu pamzere akundiyang'ana. Ndikuyamba kufotokoza kuti funsoli lili ndi mbiri yake. Bambo wina kumbuyo akuti basi yake inyamuka. Ndikuwauza mayi aja kuti asiye malo, ndidzalemba ndi bolopeni.

Mafoni a madzulo:
- A Esitere: abwera nawo mawa, "kudzaona wodwala."
- Abusa: abwera nawo mawa, "kudzapempherera wodwala."
- Abiti Amidu: atachoka ku mzikiti bambo ake auza aliyense. Shehe abwera. Aneba abwera. Wapha nkhuku ziwiri, mpunga wa ku Chilwa wagulidwa kale.

Ndikuyeserera pa pepala lina kulemba maina anayi. Akuoneka ngati komiti ya chitukuko.

Loweruka

Kwa Mposa. Pansi pa mango, mikeka yadzaza. Che Amidu ali pampando, mzuli woyera pamutu, dzanja lamanja lagona pantchafu ngati la munthu wina. Atationa akumwetulira mbali imodzi. Achepa thupi kwambiri. Fungo la nkhuku likuchokera kuseri kwa nyumba.

Ndikuimirira. Ndikuwerenga. Mawu anga akunjenjemera pa mzere wachiwiri, koma ndafika kumapeto.

Zii.

A Esitere apinda manja pachifuwa, milomo atseka. Abusa akuyang'ana masamba a mango. Che Amidu chete. Inenso, Mulungu andikhululukire, chete. Okalamba anayi, aliyense akulengeza kuti ndakatulo ndi yake posatsegula pakamwa!

Nkhuku yamoyo ikudutsa pakati pathu. Shehe akutsokomola. Mdzukulu wina akunong'oneza mnzake, "Kodi akupemphera?" Wina wayamba kuseka m'manja, kuseka kuja kumene ndinabwerera kudzathetsa.

Ndikuyang'ana Che Amidu. Akundiyang'ana ine ndekha. Lamulo akulikumbukira. Sangapemphe, chifukwa akapempha alankhula.

Ndikukweza pepala, ndikuyamba ine.

"Mzere wachiwiriwu ndi wofooka. Dzuwa silifunsa mafunso. Wolembayu amafuna kuoneka wanzeru."

Mzere wanga! Zikundipweteka ngati ndadzizula dzino.

A Esitere sangapirire kumva munthu akulakwitsa. "Iyayi, mzerewo ndi wabwino, vuto lili ku ndime yomaliza." Akugwira pakamwa. Mochedwa. Akundiyang'ana moopsa, kenako akuyang'ana Che Amidu, akupuma mozama, n'kupitiriza: ndime yomalizayo ndi yothamanga, ikulira isanamenyedwe. Abusa akulimba kanthawi, thukuta chuchuchu. Koma ine ndikati mutu wake ndiye ndi wabwino, akudzuka pampando. Akuti mutuwo ndi wa chikwangwani cha pamsika.

Zayaka ngati kale! Tikulandana mawu, tikuloza mizere, abusa akumenya pepala ndi chala. Tabwerera ku Zomba. Pakati pa phokoso lonseli Che Amidu akhala tsonga, chibwano m'mwamba, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri, osanena kanthu. Ndikutulutsa bolopeni. Ndikulemba dzina lawo pansi pa ndakatulo, lokha. A Esitere ndi abusa akuona, sakutsutsa.

Ndikutembenuka kuti ndione nkhope za zidzukulu. Ndikukumana ndi ya Abiti Amidu.

"Mwachokera ku Balaka konse kudzanyoza munthu wodwala? Pamaso pa shehe? Mpaka alire?"

Ndikuyamba kufotokoza kuti m'kagulu kathu kukhadzula unali ulemu, ndipo kuti kukhala chete...

"Aphunzitsi, mwafotokoza zokwanira."

Mpunga sitinauone. Atiperekeza mpaka pamsewu amuna awiri osalankhula. M'minibasi a Esitere akuyang'ana zenera la kumanzere, abusa la kumanja. Ndagula chinangwa chootcha pa Liwonde, tagawana mosayang'anana.

Lamulungu

Sindinapite ku tchalitchi. Miyendo.

Mmene zinthu zilili:
- Zidzukulu zakhulupirira kuti agogo awo anali mlakatuli. Zikuti anali wolephera, anthu atatu ophunzira anabwera kudzatsimikiza.
- Lichero ndaiwala pa mkeka. Sindingayerekeze kuitanitsa.
- A Esitere atumiza uthenga: "Ndime yomaliza ija ilibe vuto lililonse, mudziwe."
- Mayi a kunyumba aseka mpaka kukhala pansi.

Masana foni ikulira. Kwa Mposa. Ndikuyankha.

Ndi Che Amidu eni ake. Mawu akubwera limodzilimodzi, ngati munthu wotunga madzi pa chitsime chakuya.

"Achimwene. Sikomo." Akupuma. "Koma mwafewa. Kale munkaluma kuposa paja."

Akuti ali ndi ina m'mutu, yatsopano, ayamba kale kuuza mwana wawo kuti azilemba. Tibwere tonse atatu tidzaikhadzule. Ndikumva Abiti Amidu chapatali: "Muwauze abwere atadya kwawo."

Ndiye ndi mmenemo. Mnzanga ali ndi ndakatulo yakale ndi ina ikubwera. Ine ndinali ndi mzere umodzi, ndaupereka, ndipo ndinayamba ndaunyoza pagulu.

Pepala lotsala ku fotokope lili apa patebulo, kuseri kwake n'koyera. Iwe mkulu, tayesako, ngakhale mizere iwiri yokha. Palibe wa jekete kumbuyo. Uyambe walemba dzina, ndakatulo ikupeza.