A Mbewe Anati Ndamva

Lolemba

Yafika! Madamu, eni famu ino, abwera nayo okha kuchokera ku tauni: tabuleti yakuda, yopyapyala kuposa kope la mwana wa sitandade wani. Mkati mwake muli pulogalamu yosunga mawu onse amene ofesi ikuuza antchito. Wauzidwa ndani, wauzidwa chiyani, nthawi yanji, wayankha bwanji. Woisamala ndine, kalaliki. Ndailandira ndi manja awiri ngati mphatso ya apongozi.

Zimene imatha:
- imadziwa nthawi popanda kufunsa munthu
- siiwala
- ukalemba walemba, palibe chofufutira
- Madamu amaona zonse ali ku tauni, tiyi ali m'manja

Zaka zitatu ku koleji, sindinaonepo kanthu kanzeru chonchi. Pansi pa uthenga uliwonse pali mabatani atatu: WAVOMERA, WAKANA, SANAYANKHE. Munthu akakana, akapanda kuyankha, kapena akavomera koma osagwira ntchitoyo, amalandira kadontho kofiira. Madontho akakwana atatu, pulogalamu imalemba kalata yomuchotsa ntchito. Yokha! Ine kalata yotere imandidyera tsiku lathunthu, dikishonale ili pambali.

Uthenga woyamba wa Madamu: a Mbewe alime dambo la kumunsi mawa, tidzale msanga chimanga cha dimba. A Mbewe ndi dalaivala wa thirakitala, mkulu wa mpingo, anayamba ntchito pano ine ndisanamere mano. Ndawawerengera uthengawo pansi pa mtengo wa mango. Ayang'ana kudambo, ayang'ana tabuleti.

"Ndamva."

Ndadina WAVOMERA. Kadontho kobiriwira. Dziko lapita patsogolo, ndipo lero latenganso ife a ku Nsaru.

Lachiwiri

Thirakitala ili m'shedi. A Mbewe ali pansi pake, akupaka girizi. Dambo lili monga linalili.

"Ndinati ndamva, akalaliki. Makutuwa ndi abwinobwino. Kupita ndi nkhani ina. Dambo lija pamwamba pokha ndiye pouma, pansi ndi phala."

Ndalemba mawu amenewa m'kabokosi ka ndemanga, chifukwa kabokosi kopanda kanthu kamandimvetsa chisoni.

Faifi koloko yeniyeni, kabelu ngwee. Pulogalamu ikufunsa: kodi wayamba ntchitoyo? Wotchi yapakhoma ikuti kwatsala mphindi khumi, koma wabodza ndi wotchi. Kanthu kodziwa nthawi chonchi sindingakanamize. Ndadina AYI. Kofiira.

Madamu pafoni akuti dambo ndi louma, analiona pa chithunzi chimene ndinawatumizira sabata yatha. Zoona. Ndinajambula ndili pamsewu, kuopa kudetsa nsapato. Izi sindinalembe m'kabokosi.

Lachitatu

Uthenga wachiwiri. Womwewo, koma m'zilembo zikuluzikulu.

A Mbewe: "Tiona."

Ndaima ndi chala m'mwamba mpaka dzanja kuwawa. Batani la TIONA palibe. Ndapita kwa a Nabanda, amene amatsogolera amayi osankha mtedza, ndipo andipatsa phunziro laulere, manja osasiya mtedza:
- ndamva: ayi, koma ndimakulemekezani
- tiona: ayi, ndipo musafunsenso
- chabwino: eya kapena ayi, onani kumene munthuyo wayang'ana
- zikomo: chilichonse, ngakhale kuti patukani ndidutse

Ndafunsa za eya weniweni.

"Ameneyo samveka, achimwene. Mumangoona munthu wanyamula khasu."

Chondipweteka n'choti zonsezi ndimazidziwa. Bambo anga akhala akunena tiona pa nkhani ya njinga yanga kuyambira ndili sitandade sikisi. Dipuloma ndiyo inakhala pamwamba pake.

Ndadina SANAYANKHE, poganiza kuti ndilo batani lachifundo. Kofiira. Madontho awiri.

Lachinayi

Netiweki kulibe kuyambira m'mawa. Ndinati mwina a Mbewe apumako. Ayi ndithu: pulogalamu ikusunga zonse m'mimba, ndipo nditangodutsa pafupi ndi chulu cha kuseri kwa shedi, yatumiza zonse ku tauni kamodzi n'kamodzi. Ndaivulira chipewa.

Pafamu pali zii. Anthu akudutsa pa ofesi mwakachetechete ngati pali odwala. Mlonda wapereka moni kawiri, wina kwa ine, wina kwa tabuleti. A Nabanda asanandipemphe matumba ayamba aifunditsa chitenje.

Masana ndapeza kuti kalata ya a Mbewe yalembedwa kale. Ikungodikira dontho lachitatu. Dzina lawo lonse lilipo, chizungu chake chosalala, chopanda ngakhale kamwala. Ndawerenga kawiri, koyamba chifukwa cha kukoma kwake, kachiwiri chifukwa cha mzere womaliza: atuluke m'nyumba ya pafamu. Nyumba ija ya mapapaya, imene muli mayi Mbewe ndi zidzukulu zitatu.



Lachisanu

Uthenga wachitatu. Womwewo, ndi mawu amodzi owonjezera: LERO.

Ndawapeza a Mbewe akutsuka manja ndi mchenga. Ndanjuta ngati mwana wotumidwa.

"Bambo, ingonenani eya. Kamodzi kokha. Apo ayi kanthuka kakuchotsani."

 Afunsa ngati kalemba kuti walamula ndani. Madamu. Kangati? Katatu. Nanga zija za phala? Zilimo, ndi nthawi yake yomwe.

"Ndiye dinani. Eya."

Avula jekete, alipinda bwinobwino, apatsa a Nabanda pamodzi ndi foni ndi wotchi. Pamenepo ndinayenera kuzindikira.

Mzere woyamba, bwino. Wachiwiri, bwino ndithu, ine mpaka kumwetulira. Wachitatu thirakitala yayamba kugwada, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mpongozi wolowa m'bwalo. Mateyala akutsogolo asowa. Akumbuyo azungulira, aponya matope mpaka pa malaya anga, kenako nawonso akhala pansi. A Mbewe azimitsa injini, apinda buluku, atsika osathamanga. Amayi a mtedza aima m'mbali, manja pakamwa.

Faifi koloko, ngwee. Kodi wayamba ntchitoyo? EYA.

Kobiriwira! Sindinaonepo kubiriwira kokongola chotero, ngakhale fodya wa mu Januwale.

Loweruka

Galimoto ya Madamu yafika fumbi lili kumbuyo. Aima m'mphepete mwa dambo, pamalo pomwe ndinaima ine pojambula.

"A Mbewe, zaka zonsezi simudziwa kuti dambo lonyowa salowetsamo thirakitala? Lolemba musabwere."

A Mbewe chipewa chili m'manja, maso pansi.

"Akalaliki, tawerengani kanthu kanu kaja."

Ndawerenga. Lolemba, wolamula Madamu. Lachiwiri, ndemanga ya wantchito: pansi ndi phala. Lachitatu, wolamula Madamu, zilembo zikuluzikulu, ndipo sindinadziwe ngati ndikweze mawu. Lachisanu, LERO. Chilichonse ndi ola lake, ndi mphindi yake. Mboni yopanda m'bale, yosaopa bwana, yosafuna ngakhale madzi akumwa. 

Madamu alanda tabuleti, akufufuza pofufutira. Palibe. Anali iwo omwe Lolemba amene amatamanda zimenezi. Atembenuza, ayang'ana kumbuyo kwake, ngati mwina batanilo lili kumeneko. Achule okha ndiwo akulankhula.

Kenako Madamu: "Ndamva."

A Nabanda atsokomolera m'chitenje.

Madamu atalowa m'galimoto, atsitsa galasi pang'ono: "A Mbewe, Lolemba mupeze ng'ombe zoikoka." Ndiye kuti Lolemba abwera.

Za chithunzi palibe wafunsa. Ndapukuta nsapato zanga mwakachetechete.

Lamulungu

Ku tchalitchi a Mbewe ali pakhomo, jekete lomwe lija, akulandira anthu. Andigwira dzanja nthawi yaitali. Sindikudziwa batani lake.

Thirakitala ikadali m'dambo. Akakowa awiri aipeza, wina wakhala pa chiwongolero. Chimanga cha dimba chaka chino tiona.

Pulogalamu yatumiza lipoti la sabata: kulumikizana ndi antchito kukuyenda bwino, pitirizani. Ndaliwerenga ndili chiimire.

Madzulo uthenga wa Madamu, wa pafoni wamba: pulogalamu ija ichotseni yonse ndi zonse zili m'menemo, tibwerere ku kope. Kopelo ndalipeza pansi pa matumba. Makoswe adya kuyambira Febuluwale mpaka pakati pa Malichi. Basi, mawa ndiyambiranso kusaka bolopeni. Dziko lapita patsogolo, ife latitsitsa pa siteji.

Koma zili m'tabuletimo ndi zimene zagwira denga la nyumba ya mapapaya ija, ndipo thirakitala isanatuluke nkhani ikhoza kutembenuka. Ndaikulunga m'chitenje cha a Nabanda, ndaiika m'dirowa, ndakhoma.

Madamu ndawayankha mwaulemu wonse: "Ndamva."

Makutuwa ndi abwinobwino.