Gogo Mphuno Analowa M'gulu

Mukadzaona mayi wina ku sikelo atafunda chitenje mpaka m'maso dzuwa likuswa mtengo, musamufunse ngati akudwala. Ndine ameneyo. Sindikudwala, ndikubisala, ndipo chinandifikitsa pamenepa ndi foni ya asisi anga.

Asisi anga a Eneless ali ndi tsamba pa intaneti la azimayi amene angochira kumene. Munthu amalipira pamwezi, n'kulowa m'gulu, n'kumalandira malangizo a kaleredwe ka mwana. Popita ku maphunziro ku Lusaka anandisiyira foniyo. Anati ntchito ndi imodzi yokha: tsiku lililonse ndiziikapo kanthu koti mamembala azikambirana, chifukwa gulu likangoti zii anthu amatuluka. Ndinawakumbutsa kuti ine ndinalekezera giredi seveni, komanso kuti mwana wanga Limbani akangoyetsemula ndimakhala nditayamba kale kusaka minibasi ya kuchipatala. Anati ndiye bwino, membala weniweni ndi iwe.

Ndinayamba ndi phala la nsinjiro. Palibe anayankha (ndinazindikira pambuyo pake kuti ana a anthuwa sanayambe n'komwe phala). Mawa lake ndinaika kachapidwe ka matewera. Zii. Kenako ndinaika pemphero. Mayi mmodzi analemba kuti Amen, n'kutuluka m'gulu. Ndinafunsa nzeru kwa amuna anga, anati ika za mpira.

Nthawi imeneyi n'kuti apongozi anga ali pakhomo, anabwera kuchokera ku Madzimoyo kudzandithandiza mwana. Ndinene msanga kuti popanda iwo sindikanatha. Ine kusambitsa khanda ndinkaopa, kamaterera ngati mlamba, ndipo mantha anga aakulu anali oti tsiku lina adzamanga katundu wawo n'kundisiya ndekha ndi beseni. Koma mayi aja ali ndi zawo. Ankandithowa msana ndi madzi oti nkhuku ikhoza kusosoka. Mchere m'ndiwo anandiletsa kuthira. Akamasambitsa Limbani ankamukoka mphuno kuti isadzakhale yophwatalala ngati ya kwathu (anatero, ine ndili pomwepo ndi thaulo).

Tsiku lina nzeru zitandithera ndinalemba kuti: mayi wina wafunsa, apongozi ake amakoka mwana mphuno, atani?

Foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Azimayi amene sanayankhepo chilowereni anadzuka. Wina anati ake amakoka ndi makutu omwe. Wina anati gogoyo abwerere kumudzi. Mayi wa Amen uja anabwereranso. Asisi anaimba, akuti mng'ono wanga, kodi nzeru zimenezi unkazibisa kuti?

Ndiye ndinapitiriza. Za mchere. Za madzi owira. Mamembala anawapatsa dzina, Gogo Mphuno, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa kuti lero achita chiyani. Ine ndinasanduka mphaka, maso pa apongozi, akangotembenuka ndaona, akangoyankhula ndasunga. Zoona zitachepa ndinayamba kuthirako zanga. Apongozi anadzolapo mafuta a mwana ku zidendene kamodzi kokha, koma ine ndinati botolo amalimaliza okha.

Kulemba kunkandichedwetsa, mwana ali kubere, chala chimodzi, ndiye ndinayamba kujambula mawu. Ndinkapita kuseri kwa nyumba, chitenje kukamwa, mphuno nditatsina kuti munthu asandizindikire. Chimene sindinaganize n'chakuti kuseriko n'kumene apongozi amachapira, seri lina la mpanda, ndipo akamachapa amayimba. Nyimbo yake ndi imodzi, ya pa Lenti, amaiyimba chaka chonse, ndipo pali pamalo pamodzi pamene mawu amakwera, iwo n'kutsokomola, n'kuyambiranso.

Linafika tsiku la sikelo. Tinakhala pa benchi, apongozi atanyamula Limbani, ine khadi m'manja. Pafupi nafe azimayi atatu anali atawerama pa foni, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinangomva dzina loti Gogo Mphuno likutchulidwa. Ndinauza apongozi kuti tisunthe, pano pali mphepo. Anati mphepo yake iti, n'kufunsa azimayiwo kuti akuseka chiyani.

Anawafotokozera zonse. Za mphuno apongozi anati gogoyo akuchita bwino. Za mchere anati ndi munthu wodziwa mwambo. Za mafuta anapukusa mutu, akuti apo ndiye walakwa, munthu wamkulu kudyera khanda. Ine n'kuti ndikupemphera kuti anesi atiitane, kaya magetsi azime, kaya mbuzi ilowe.

"Dikirani agogo, mumve nokha," anatero mmodzi, n'kukweza foni.

Mawu anga anatuluka, a m'mphuno, ngati bakha. Apongozi sanawazindikire. Ndinayamba kupuma. Kenako kumbuyo kwa bakhayo kunamveka nyimbo ya pa Lenti. Inakwera, inakwera, kenako chifuwa. N'kuyambiranso.

Apongozi sanandiyang'ane. Anayang'ana zidendene zawo.

Titafika kunyumba analowa kuchipinda, ndinamva zipi ya chikwama. Ndinayang'ana beseni lili pakhonde, ndinayang'ana Limbani, ndinakagwada pakhomo pawo n'kuyamba kupepesa mawu akuthamangitsana, kuti amama musapite, ndi asisi anandituma, ndi mamembala, ndi Satana.

Anatuluka atavala duku la kutchalitchi. M'chikwama ankafuna limenelo.

"Amake Limbani, anthu amene amandiseka aja alipo angati?"

Ndinati ambiri ndithu.

"Bweretsani chinthucho. Tsegulani pojambula."

Anakhala pa mpando, anakonza duku (ndinawauza kuti ndi mawu okha, mamembala sawaona, anati Mulungu akuona), n'kuyamba: "Ndine Gogo Mphuno. Gogo wina wafunsa. Mpongozi wake amaopa kusambitsa mwana wobereka yekha. Mwana akagona amamuika kagalasi pamphuno kuti aone ngati akupuma, akapanda kukhulupirira amamudzutsa, mwana akalira iyenso amalira. Gogoyu atani?"

Ine ndinkayesa za kagalasi palibe amadziwa.

Foni ija inali isananjenjemerepo choncho. Mamembala anaitana anzawo, ena anaitana apongozi awo, ndipo tsopano m'gulu muli agogo ochokera mpaka ku Kasenengwa amene adzukulu amawatsegulira foni. Asisi anaimba n'kunena kuti ndisasinthe kalikonse. Ndinawauza kuti nkhani zake ndi za ine. Anati akudziwa, ya kagalasi aimvera kangapo.

Apongozi sanapite, ndipo za kumudzi sakuzitchulanso. Limbani akusambitsidwa bwinobwino, mphuno ikukokedwa. Ku sikelo amandiitana kuti amake Galasi. Ngati pali amene akusowa zoika pa tsamba lake, ndingomuuza kuti nkhani zokoma zili m'nyumba momwemo, koma ayambe waona ngati nayenso sakhala m'nyumba yomweyo.

Dzulo ndinapsereza nyemba chifukwa ndinali kuchipinda ndi kagalasi kaja. Apongozi analowa m'khitchini, ananunkhiza, anavundukula poto. Sanakalipe ngakhale pang'ono. Anangomwetulira n'kufunsa kuti, "Amake Limbani, mabandulo alimo m'foni muja?"