Choko cha paphanga

Khasu lili m'manja, msana ukuchita kulira, ndinali kukwirira uvuni wa makala kuphiri kwa Nthache kuno. Pambali panga panali Chitsalira, mbuzi imodzi yokhayo imene malemu bambo akunyumba anandisiyira, ili ndi bere lotopa. Ndinkayenda nayo kulikonse poopa akuba.

Kuyang'ana dzuwa, nthawi ya sukulu ya kwacha yakwana. Ndikasiye kaye mbuzi kunyumba? Ine, ndi phuma langali? Ndinaikokera pamthunzi pafupi ndi phanga lina n'kuimangirira. Pomwepo ndinaona timibulu toyera mbee, touma, tambirimbiri pamalo amodzi. Kutola kamodzi, kukhwatcha pamwala, kakulemba! Choko chaulere, anthuni! Pajatu a Madamu, aphunzitsi athu, anali atadandaula sabata yonse kuti choko chatha. Ndinalemba dzina langa pathanthwe, Esinati, osaphonya chilembo, n'kumanga tina pakansalu.

M'kalasi ndinalowa monyang'wa. "Madamu, vuto lija latha." Ndinamasula mfundo, ndipo poti kambulu kena kanali kakakulu, ndinakaluma pakati kuti tigawane. Kakomedwe kake musandifunse.

A Nangondo, mayi wachikulire amene amuna awo anali mlenje, anatenga kamodzi, kukanyenya, n'kusololamo ubweya.

"A Esinati, mwaika m'kamwa zimenezi?"

"Eee, bwanji?"

"Awa ndi manyi a fisi, mwana wanga. Fisi amatafuna ndi mafupa omwe, n'chifukwa chake zimayera chonchi. Zakufa zonse za m'tchire amatisesera ndi iyeyo."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete, a Madamu akupukuta zala pachitenje, ine ndikulavulira pawindo. A Nangondo okha sanaseke.

"Mwazitola kuti?"

"Paphanga paja, pomwe ndamangirira Chitsalira."

"Thamangani! Afisi amachitira malo amodzi, kufupi ndi kwawo. Ndipo akakhala ndi ana sadikira mdima."

Ndinaliyatsa liwiro, patapata m'manja, mtunda wonse uja ndikuitana dzina la mbuzi ngati ingandiyankhe. Ndinafika dzuwa lisanalowe. Chingwe chinalipo, mfundo yanga yosamasuka n'komwe. Nyanga imodzi inali poteropo. Pathanthwe, pamwamba pa magazi a Chitsalira, dzina langa lili gwa, lolembedwa bwino kuposa tsiku lina lililonse.

Ndiye ndimuimbe mlandu ndani? Fisi sanabe ayi. Ndinamuperekera ndiwo pakhomo ndekha, n'kusayinira.

Lero pachitsime ana amandiitana a Nafisi, ine ndimangovomera. Ndinalumbira kuti choko chosachokera m'bokosi sindidzachikhudzanso, ngakhale a Madamu atalemba ndi makala chaka chonse.

Patatha masiku ndinabwerera kukafukula uvuni uja. Paphanga panali timibulu tatsopano, toyera kuposa toyamba tija. Ndinaima nthawi yaitali, thumba lili pamutu, ndikuyang'ana Chitsalira ndi ana ake amene sindinawaone.