Mkamwini Aphunzira Kupuma M'madzi

Lolemba

Mwayi wagwa! Loji ina ku Liwonde ikufuna munthu woyang'anira dziwe losambiramo alendo, ndipo ikupereka nyumba. Ndikaipeza ntchitoyi, chikamwini cha kwa Mposa ndatsanzikana nacho. Khasu la kumunda kwa apongozi aligwire ena.

Mayeso ndi Loweruka: kusambira dziwe lonse nkhope ili m'madzi, kupumira m'mbali. Vuto lake, ine ndinakulira kwa Phalula, kumene madzi timawaonera m'chigubu. Kusambira ndimasambira, koma chigalu, mutu m'mwamba.

Kanema wa pafoni akuti:
– tembenuza thupi lonse, mapewa ndi chiuno pamodzi
– khutu limodzi likhale m'madzi pokoka mpweya
– usatukule mutu
– chachinayi sindinamve, bandulo yathera pomwepo

Ndauza mkazi wanga yekha, Asiyatu. Pamudzi pano nkhani imafika kumjigo iwe usanatseke pakamwa.

Lachiwiri

Kuseri kwa nyumba, chafufumimba pabenchi, malaya nditavula. Dzanja kutsogolo, kutembenuka, kupuma. Zikuyenda! Ndikutembenukira kumanja, ndipo pamene payenera kukhala mpweya pali apongozi akazi, ndowa pamutu. Mkamwini mimba pamtunda, maso ndi maso ndi apongozi! Ndatembenuka kuposa m'mene kanema ananenera, mpaka pansi khu!

Njira ya kumjigo sidutsa kuseri kuno. Anawatuma ndani?

Lachitatu

Lero ndi beseni. Nkhope m'madzi, kutembenuka, kutsamwa, kutsokomola. Ndikudzuka, pampanda paima mlamu wanga Jafali, msodzi wa ku Chilwa, akutafuna nzimbe.

Akuti, "Alamu, mpweya muzitulutsira m'madzi momwemo, m'mphuno, thovu lizituluka. Mukatembenuka n'kungokoka basi."

Nditaye mpweya ndili m'madzi? Mpweya womwe ndiwo moyo wanga? Amene amakufunira zabwino sangakuuze zimenezo. Komanso wadziwa bwanji kuti ndikuphunzira kusambira? Ntchitoyi akuifuna yekha ameneyu. Mpweya wanga ndiusunga.

Lachinayi

Ku Chilwa m'mamawa. Ndayenda mpaka kutopa, madzi akungolekeza m'mawondo. Ndagona momwemo. Masaya ndatupitsa, mpweya ndaugwira zolimba, mimba ikulima matope.

Zotsatira:
– khutu lakumanzere silikumva
– ndamwa madzi okwanira kuthirira dimba
– amayi oyanika matemba aseka mpaka kukhala pansi

Ndipo akudutsa pabwato ndani? Jafali! "Phewa lizitsogola alamu, mutu uzitsatira! Thovu lili kuti?" Nyanja yonse kukula kwake, iye nsomba akuziona pamene pali ine.

Owaganizira:
– Jafali
– Asiyatu, poti ndi mlongo wake
– apongozi, poti munda sunalimidwe

Lachisanu

Beseni lija alikwecha ndi phulusa n'kulitsekera m'nyumba mwa apongozi. Kumjigo akuti mkamwini wa kwa Phalula akusamba mankhwala kumaso kuti mwana wa eni amutsate kulikonse. Pochokera kumzikiti ku mapemphero a Juma, amalume a mkazi wanga andipatsa moni ataima patali.

Zandiwawa. Ndadandaulira Asiyatu, iye akuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo a Patuma. Bwanji osangowamvera achimwenewo?" Ndinanena ine, ali limodzi.

Madzulo Jafali akuti mawa andiperekeza ku Liwonde pa njinga yamoto ya mnzake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndavomera, kuti ndizimuona zochita zake.

Loweruka

Dziwe lake loyera mbee, pansi pakuoneka ngati pafupi. Bodza. Bwana wa loji waima m'mbali, Jafali wakhala patali pamthunzi ngati munthu wosalakwa.

Ndadumpha. Mpweya ndaugwira. Dzanja kutsogolo, phewa, chiuno, zonse bwinobwino. Ndikutembenuka kuti ndipume, chifuwa n'chodzaza ndi mpweya wakale, watsopano ulowera pati? Pamene ndikutulutsa, nkhope yabwerera kale pansi. Cholowa ndi madzi onunkha ngati kuchipatala. Mapazi akufunafuna matope, kulibe. Mayo ine!

Kenako dzanja lagwira kabudula wanga m'chiuno. Jafali, malaya ndi kofia zili m'thupi, akundikoka ngati mlamba. Ndagona pasimenti ndikulavula, ndikumva bwana akuomba m'manja.

"Inuyo achimwene, mungayambe Lolemba?"

"Iyayi bwana, ine ndangoperekeza alamu angawa."

Kukana kwake kokoma bwanji! Bwana wakakamira. Mapeto ake Jafali wavomera, tabwerera pa njinga yomwe ija.

Lamulungu

Jafali akulongedza. Anabwera m'mawa kudzapepesa, maso pansi, akuti sanafune zithe chonchi. Asiyatu akulira, sindikudziwa ngati akulirira ine kapena akusangalalira mlongo wake. Apongozi atumiza khasu, mpini watsopano.

Onse atapita kukamuperekeza, ndathira madzi m'ndowa. Nkhope m'madzi, mpweya m'mphuno, thovu bwubwubwu. Kutembenuka, kukoka. Mpweya ukulowa wokha, osatsamwa ngakhale pang'ono.

Ndiye kuti anandiuza zoona, podziwa kuti sindingamukhulupirire. Kuipa mtima kwake munthu ameneyu!

Mawa kumunda.