A Gershom Aperekeza Mwana ku Koleji Yawo

Inu, tamverani za a Gershom a ku Ngungu. Bambowa anaphunzira zauphunzitsi pa koleji ina kuno ku Kabwe isanasanduke yunivesite, pamene panali nyumba zisanu zokha ndi belu la chidutswa cha njanji. Mbiri imeneyi anthu a kumpingo anailoweza osafuna.

Ndiye mwana wawo Tiza atasankhidwa kukachita zaunamwino pamalo pomwepo, anati amuperekeza okha. Linali tsiku lomaliza kulembetsa, ikangokwana folo koloko malo apita kwa wina. Envulopu ya masatifiketi anaipana m'khwapa.

Pageti wophunzira wina anafuna kuwalondolera. A Gershom anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, nenze pano ukalibe kubadwa. Njira niziba."

Tiza anati alankhule, iwo anamudula kuti asunge mawuwo.

Anagogoda pa ofesi yolembetsera ya masiku awo, n'kulowa mwaulemu. Anapeza atsikana akumangana tsitsi, poti tsopano ndi hositelo, ndipo matironi anawatulutsa ndi chokolopera. Kuholo yodyera anapeza a zamalamulo akuyeserera mlandu, woweruza wake, kamtsikana kovala wigi, n'kuwalamula kukhala chete. Nthawi ikutha.

Anati adulire pabwalo la mpira, pomwe amati anagoletsapo zigoli zitatu tsiku limodzi. Bwalolo a zaulimi anakumbapo maiwe a nsomba. Akuloza pomwe panali golo, phazi linaterereka, khuvuu, ndi envulopu yomwe!

Pawindo lenileni lolembetsera anafika folo itadutsa, mayi wa mu ofesi akutseka. Apa mtima unawapweteka zedi, mwana kutaya malo chifukwa cha matama awo. Anavula chipewa chonyowacho n'kuchonderera kuti wolakwa ndi iwo, mwana asalangidwe.

Mayiyo anafunsa dzina, n'kuyang'ana pa kompyuta.

"Ba mudala, uyu analembesa kudala, pa Tuesday. Pa foni."

A Gershom anatembenukira mwana wawo, madzi akudontha m'jekete.

"Manje tabwelela chani?"

"Nenze kufuna kukuuzani, adadi. Amami anakamba ati nikupelekeni muione koleji yanu mwamene ilili, kapena panyumba tingapumuleko."

Kupuma kwake kuti, inu? Minibasi yomwe anakwera pobwerera isanatuluke n'komwe pageti, anali atayamba kale kuuza kondakitala kuti maiwe a pa yunivesite yawo ndi akuya kuposa onse m'Zambia muno. Anayeza okha.